Mtedza wa a Sembulala

Bambo anga dzina lawo la ubatizo ndi Pius Chisale, koma mukafika kwa Mavwere n'kufunsa dzina limeneli anthu adzangoyang'anana. Funsani a Sembulala. Aliyense adzakulozerani nyumba ya malata adzimbiri kuseri kwa mitengo ya mango, n'kukuchenjezaninso kuti ngati muli pachangu musalole kuti akupatseni mpando.

Chenjezo limeneli ndi loona, ndipo ine Dyna, mwana wawo woyamba, ndili ndi ufulu wolitsimikiza. Bambo anga amalankhula ngati anameza wailesi, koma wailesi yake ya pulogalamu imodzi.

Ali mnyamata anakhala zaka zinayi ku seminale ina kuphunzira za unsembe. Unsembewo sanaupeze. Chimene chinawachotsa kumeneko palibe ankachidziwa bwino. Ena ankati analephera mayeso, ena ankati anagwidwa ndi kalata ya mtsikana, ndipo ine sindinadzivutitsepo kufunsa. Chimene tonse tinkadziwa n'chakuti anabwerako mu 1976 ndi zinthu ziwiri: Chilatini m'mutu, ndi mtedza wodzaza chitini cha mkaka. Zonse ziwiri anawapatsa ndi munthu mmodzi, Bulazala Eusebio wa ku Spain, amene ankayang'anira dimba la paseminalepo.

Mtedzawo ndi wamtundu wakewake. Njere zake ndi zikuluzikulu, zofiira, zamawanga oyera, ndipo nsinjiro zake mukathira mu nkhwani anthu odutsa pamsewu amachepetsa liwiro. Simungaupeze pa msika wa Kamwendo, ngakhale ku Chipata. Pamene bambo anakwatira mayi anga, a Imelda, n'kudzakhala chikamwini kwa Mavwere, analibe njinga, analibe mbuzi ngakhale imodzi. Katundu amene analowa naye m'mudzi anali mbewu imeneyi, ndipo chaka chilichonse amaidzala pa kagawo kake ka munda.

Munthu akangoyamikira mtedzawo ndiye kuti wadziputira. Bambo ankakonza kukhosi n'kuyamba.

"Ku Spain, kufesa mbewu amati sembrar."

Apa ndi pamene panachokera dzina lija, chifukwa lilime la kwathu linawawongola mawuwo mpaka anakhala Sembulala.

"Koma mawuwa si awo ayi, anawatenga kwa Aroma. Mu Chilatini mbewu ndi semen, kufesa ndi seminare. Anthu a ku Spain m'kamwa mwawo munali changu, anameza i wapakatiyo, mawu aja n'kufinyika mpaka kukhala sembrar. Angerezi nawonso anatapa m'nkhokwe yomweyo. Seminary, kumene ndinali ine kuja, tanthauzo lake lenileni ndi nazale, malo ofesera mbande. Seminar, zija mumapita ku boma kukamwa Fanta ndi kulandira alawansi zija, inayenera kukhala nazale ya nzeru. Disseminate ndiko kumwaza mbewu uku ndi uku. Tsono tsiku lina Bulazala anandiitanira kudimba..."

Kupitirira pamenepa palibe amene anamvapo. Amayi nthawi zonse ankakumbukira kuti asiya nyemba pamoto. Ine ndinkakumbukira madzi osatunga. Wapampando wa mphakati wathu tsiku lina anamva mbuzi yake ikulira, pomwe tonse tikudziwa kuti mbuziyo anaigulitsa pa Khirisimasi. Bambo ankangotsala ndi dzanja m'mwamba, kenaka n'kumutapira wothawayo mtedza wodzaza manja awiri kuti akadzale kwawo.

Zinkandinyansa, ndinene zoona. Anzanga kusukulu ankanditchula kuti Nasembulala. Nditakula n'kukhala mphunzitsi wa pulayimale ku Chiosya, zinayamba kundinyansa mwa mtundu wina. Anthu onse anali atasinthira ku mbewu zatsopano zocha msanga zimene mavenda amazilimbirana, koma bambo anga kakaka ndi mtedza wamawanga woti venda akauona amati ndi wosakaniza. Amayi ankati, "Ine ndili pamitala. Mkazi wamkulu ndi nsawa zija."

Mkazi wamkuluyo analinso ndi malamulo ake. Mbewu inkakhala m'makoko ake, m'thumba la chiguduli lopachika pa mtanda wa denga. Inkaswedwa pokhapokha mvula yodzalira ikagwa ndithu, ndi manja a bambo okha, ndipo youma. Lamulo lomalizali ndi limene linkatiseketsa. Kwathu aliyense amadziwa kuti ukafuna kuswa mtedza wambiri umayamba wauwaza madzi n'kuufunditsa chiguduli kwa kanthawi. Makoko amafewa, zala sizichita matuza, ntchito ya sabata imatha tsiku limodzi. Bambo okha ndi amene ankaswa wouma, gwa, gwa, gwa, kamodzikamodzi. Ine ndinkaliwerengera lamuloli pamodzi ndi malamulo awo ena, monga loti wailesi izizimitsidwa belu la Angelo likalira.

Ng'amba ya mu 2024 inagwira mtedza uli pa maluwa. Pa kagawo konse kaja bambo anakolola theka la thumba, ndipo anatiletsa kukazingako ngakhale njere imodzi. Imeneyo ndiyo inali mbewu yonse yotsala ya zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu. Chaka chomwecho nyamakazi inawagwira manja. Zala zinatupa m'mfundo, mabatani a shati ankawamangira ndi amayi.

Pakati pa Novembala, Lachinayi lina, kunagwa chimvula chamatalala. Lachisanu nditaweruka ndinakwera kabaza kupita kumudzi, ndipo njira yonse anthu anali m'minda ndi mbale za mbewu. Bambo ndinawapeza pakhonde. Anali atapempha amayi kuti awatapire pang'ono m'thumba lija, ndipo ankaswera m'kapu yachitsulo. Ankaika khoko pakati pa zala zazikulu ziwiri, n'kufinya, nkhope n'kukwinyika, khoko osasweka. Amayi anandinong'oneza kuti ayamba m'mawa. Njere zinali zisanafike n'komwe theka la kapu.

"Bambo, mwa njira imeneyi mudzamaliza pa Pasaka," ndinatero.

"Sindikuthamangira kulikonse. Ndikungoyesa manja."

"Mudzi wonse ukudzala."

"Asiyeni adzale. Mvula iyi ndi yabodza, nyerere sizinasamuke. Ukudziwa, Dyna, mawu oti kufesa ku Spain..."

"Ndikudziwa, Bambo," ndinatero, n'kulowa m'nyumba.

Loweruka m'mawa kunabwera uthenga wa maliro a msuweni wawo kwa Mlonyeni, kumudzi kwawo kwa bambo. Atavala jekete anaima pakhomo n'kundiitana ndi dzina la mfunda, limene amaligwiritsa ntchito nkhani ikakhala yolemera.

"Nachisale, thumba langa lija musalikhudze."

Ndinavomera. Fumbi la njinga yowanyamula lisanathe, ndinali nditakwera pa mpando n'kutsitsa thumbalo.

Musandiyese woipa mtima. Ndinali nditaona zala zija, ndipo zinandiwawa. Ndinkafuna kuti akabwera Lolemba apeze mbewu yoswaswa, ife tidzale, iwo azingoloza ndi ndodo. Komanso, ndisabise, ndinkafuna kuwaonetsa kamodzi kokha kuti ntchito imatheka popanda Chilatini. Ndinaitana mayi aang'ono, a Anasi, mng'ono wawo wa amayi. Titaswa makoko khumi okha a Anasi anayang'ana zala zawo.

"Nsawa za alamu zolimba ngati mwala. Dyna, tabweretsa madzi."

Amayi anazengereza. "Eni ake amakaniza zimenezo."

"Amakanizanso wailesi," ndinayankha. "Tidzala mkuja, madzi a kapu ziwiri alakwa chiyani?"

Ndinawaza ndi dzanja langa. Tinafunditsa chiguduli, n'kukadya. Masana makoko ankangotseguka okha, ndipo dzuwa lisanapendeke tinali titamaliza, uku tikuseka nkhani za kwaya. Njere tinaziyanika pang'ono pamphasa. Kunja zitaoneka zouma ndinazithira m'ndowa ya pulasitiki, n'kutseka chivindikiro zolimba kuopa makoswe. Makoko ndinawabwezera m'thumba n'kulipachikanso pa mtanda, kuti bambo akalowa asayambe ndi mkangano mvula isanawaonetse ubwino wa zimene tachita. Pamenepo ndinadziona wochenjera kwambiri.

Lolemba kunacha kopanda mtambo ngakhale umodzi. Ine ndinabwerera ku Chiosya. Bambo anabwera Lachitatu, anayang'ana thumba lawo lili pamalo pake, n'kukhala pansi. Dzuwa linaswa mtengo masabata atatu, chimanga cha anthu odzala msanga aja chinapserera m'mizere. Amayi ankadziwa kuti mtedza uja ufunika kuuyanikanso, koma akanauyanika pati mwini wake tsiku lonse ali pakhonde? Ndowa inakhala kunsi kwa bedi, m'chipinda chotentha chija. Ine ndili kusukulu ndinkaikumbukira, kenaka n'kudziuza kuti amayi aona chochita. Amayi nawo ankati Dyna abwera aone chochita.

Mvula yeniyeni inabwera pa 9 Disembala, yogwa mofatsa tsiku lonse. Amayi anandiimbira foni, mawu awo anali awiri okha: "Bwera kuno."

Ndinafika bambo atakhala kale pakhonde ndi lichero pamiyendo.

"Wafika bwino. Tanditsitsira thumba."

Ndinalitsitsa ndi dzanja limodzi. Iwo anaona kupepuka kwake ndisanalitule n'komwe. Ndinalowa kuchipinda, n'kutulutsa ndowa ija, n'kuitsegula pamaso pawo. Fungo lake linatibweza m'mbuyo. Pamwamba ponse panali chuku chobiriwira, njere zitagwirana ngati chigumu. Zina zinali zitatulutsa timizu toyera, timizuto n'kuda, n'kufa.

Bambo anapisa dzanja, anatola njere imodzi n'kuifikisa. Inaphwanyika ngati dothi.

"Ndani anathira madzi?"

"Ndine, Bambo."

"Chabwino."

Basi. Ndinadikira kukalipiridwa. Ndinadikira ngakhale Chilatini, tsiku limenelo ndikanachimvera nditagwada. Iwo anapukuta dzanja pa thalauza n'kumayang'ana mvula. Ndinapepesa, ndinalira, ndinapepesanso, koma pepani sapoletsa chilonda.

M'mawa mwake ndinabwereka njinga. Ndinaganiza kuti munthu amene wakhala akugawa mbewu zaka zonsezi sangasowe pokaipempha. Ndinayambira kwa akatekisiti, a Limbani, amene analandirapo kasanu konse. Anakanda m'mutu n'kunena kuti ana anakazinga. Wapampando wa mbuzi uja anati anadzalapo chaka china koma anasakaniza ndi mtedza wogulitsa. Ndinafika mpaka kumalire, kwa mayi wina wa ku Zambia amene ankagula nyemba kwathu, iye n'kundiuza kuti anatafunira m'njira. Pa sitolo ya a Siti, pa msika wathu, ndi pamene ndinamva zoona zake.

"Aphunzitsi, tisanamizane," anatero a Siti. "Nsawa zija tinkalandira kuti madala atimasule tizipita. Koma kukoma ndiye zinkakoma."

Ndinapalasa njinga kubwerera ndikutukwana mumtima anthu onse a kwa Mavwere, osusuka, odya mbewu, osayamika. Nditatsala pang'ono kufika ndinakumbukira kuti iwo anangodya zodzaza manja, wowononga theka la thumba ndi ine.

Kunyumba ndinapeza bambo ali kuseri kwa khitchini ndi kandodo, akubowola mzere umodzi waufupi. Pambali pawo panali kapu yachitsulo ija. Ndinali nditaiiwaliratu. Njere zimene anaswa okha tsiku lija, zimene ine ndinaziseka, anali ataziika pamwamba pa kabati. Zinalipo makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwathandize, iwo anasuntha kapuyo n'kuiika mbali inayo.

Zinamera makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Ndinazitchingira ndi neti yakale ya udzudzu kuopa nkhuku, ndipo Loweruka lililonse ndinkabwera kudzaona ngati neti ili bwino. Bambo sanandikanize, sanandithokozenso. Ankandipatsa moni, ankandifunsa za ana a sukulu, ankadya nane. Koma wailesi ija inazima. Munthu ankatha kukhala pampando ola lathunthu osamva za Aroma. Poyamba anthu ankati tapuma. Pofika mwezi wa Malichi a Limbani anabwera dala, n'kuyamba okha kufunsa kuti kodi mawu oti seminale anachokera kuti.

"Kalekale," bambo anayankha, n'kufunsa za mtengo wa feteleza.

Zimenezi zinandipsetsa mtima kuposa kulankhula kwawo kwa zaka zonse zija. Munthu akakukalipira umadziwa kuti mlandu watha. Uku kunali kundisenzetsa ndowa ija tsiku ndi tsiku. Amayi nawo anayamba kudandaula kuti m'nyumba mwazizira, iwo omwe aja a nyemba pamoto.

Mu Meyi tinakumba mzere uja, tinapeza mtedza wa lichero limodzi losadzaza. Bambo anauyanika okha, anausankha okha, koma kupachika thumba sakanatha. Ndinapachika ndine, iwo akuyang'ana.

Chaka chathachi mvula yodzalira inagwa kumapeto kwa Novembala. Ndinapempha tchuthi cha masiku awiri kwa ahedi. Nditafika ndinapeza manja a bambo ataipiratu, zala zitapindikira mkati. Anandiyang'ana, anayang'ana thumba. Ndinalitsitsa, ndinakhala pamphasa pafupi ndi mapazi awo, n'kuyamba kuswa wouma.

Mtedza umenewu ndi wankhanza. Makoko makumi asanu asanakwane, chala chachikulu chinali chitachita thuza. Thuzalo linaphulika. A Anasi podutsa anaima, anatsegula pakamwa, anaona nkhope yanga, n'kupitiriza ulendo. Maso a bambo anali pa zala zanga. Patapita ola ndinalephera kupirira.

"Bambo, tsiku lija Bulazala anakuitanirani kudimba, anakuuzani chiyani?"

Bambo anandiyang'anitsitsa.

"Ulibe madzi okatunga?"

"Ndatunga kale."

Anakonza kukhosi. Ndinaganiza kuti ayambira pa dimbapo, poti ndi zimene ndinafunsa. Ayi ndithu. Anayambira ku Spain. Anadutsa kwa Aroma, anameza i uja, anafika pa Fanta ndi alawansi. Ndinaluma mano n'kumangoswa. Kenaka, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, tinadutsa pa disseminate.

"Linali tsiku londichotsa," anatero. "Agogo ako aamuna anali atamwalira, ndiye amalume anabwera kudzanditenga kuti ndizikalimira amayi ndi azing'ono anga asanu. Mayeso ndinkakhoza, Nachisale. Chilatini ndinkakhala nambala wani. Bulazala anandipeza ndikulira kuseri kwa khola la nkhumba, ananditengera kudimba. Anatola nsawa imodzi, anaiviika m'chitini chothirira, n'kundifunsa kuti tsopano yatani. Ndinati yanyowa. Iye anati ayi, yadzuka. Anati mbewu ndi chinthu chamoyo chogona, ingathe kugona chaka osavutika. Madzi ndi amene amaidzutsa, ndipo ikadzuka sigonanso. Ukaidzutsa ulibe dothi loipatsa, imafa ikudikira."

Ndinaponya khoko pansi.

"Bambo, zaka zonsezi bwanji simunkayambira pamenepa? Mukanangonena zimenezi poyamba, ndowa ija bwenzi kulibe."

"Bulazala anayambira ku Chilatini," anayankha, ngati kuti ndafunsa chifukwa chake Misa imayamba ndi chizindikiro cha mtanda. "Komanso sindinamalize."

Ndinatola khoko lina.

"Atatero anandipatsa chitini cha nsawa zouma. Anati, Pius, undikhululukire. Ife kuno takuthira madzi zaka zinayi, wadzuka, koma dothi loti tikupatse tilibe. Pita ukalifunefune wekha." Bambo anayang'ana manja awo. "Ndiye nsawazo ndinazipezera dothi kwa amayi akowa. Zinazi, za m'mutuzi, ndinkayesa kuzifesa mwa aliyense wokhala pampando uwu."

Ndinaganiza za wapampando ndi mbuzi yake, za a Siti, za ine ndi mitsuko yanga yosatha kudzaza, ndi za munthu wa nambala wani wotsala ndi dzanja m'mwamba pakhonde la chikamwini. Magazi a pachala anadontha pa njere imodzi, ndinaipukuta msanga ndi chitenje kuti isanyowe.

"Palinso mawu ena achibale ndi amenewa," bambo anatero mokayikira, akundiyang'ana cham'mbali. "Koma mwina watopa."

Kukhitchini amayi anaitana kuti ndikawaonere nyemba, zikupserera.

"Muziphule, Amayi," ndinayankha. Ndinakokera lichero pafupi. "Pitirizani, Bambo."